Chala cha Ababa

Nankhonya ankayenda atafumbata dzanja lamanzere. Sikuti anali wandewu, ngakhale pakamwa pake pankatentha ndithu. M'dzanjamo ndi mmene ankasungamo zochita za tsiku. Chilichonse chofunika kukumbukira ankachipatsa chala chake n'kuchipinda, ndipo chalacho chinkawongoka pokhapokha ntchitoyo ikachitika. Ukakumana naye m'mawa, dzanja linali gwa ngati mwala. Pofika madzulo linkakhala litatambasuka. Anzake a m'chipinda chochapira zovala ku hotela, kumene iye anali kapitawo, ndi amene anamupatsa dzinalo, ndipo linamukhala mpaka ena anaiwala dzina lake lenileni.

Njirayi anaiphunzira kwa bambo ake, amene pa nthawi yawo anali kalipentala wodziwika. Ali kamtsikana ankamutuma kusitolo akumupinda zala chimodzichimodzi. "Ichi misomali. Ichi guluu. Ichi sandipepa. Usalankhule ndi munthu panjira, zingagwe." Iye ankathamanga atakumbatira kadzanjako pachifuwa ngati wanyamula dzira.

Tsopano chala chachikulu chinali cha bambo akewo, tsiku lililonse, chifukwa mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Zakale ankazidziwa zonse, ngakhale mtundu wa thabwa limene anapangira bedi la ukwati wawo. Koma ukawafunsa ngati adya, ankayang'ana mbale n'kuyamba kuganiza.

Poyamba ankakhala kwa mchimwene wake wa Nankhonya. Tsiku lina mlamu wake, mkazi wa mchimwene wakeyo, anasiya geti losatseka pothamangira mwana amene anagwa pamasitepe. Mkuluyo anatuluka, ndipo anakapezeka madzulo atakhala pamalo omwetsera mafuta, akufunsa anyamata ngati aona njinga yawo. Nankhonya anafika mawa lake ndi galimoto yahayala, ndipo mawu ake anawalankhulira pabwalo, aneba akusuzumira pampanda.

"Munthu amene umamukonda suungamuiwale. Akanakhala bambo anu okubalani, getilo mukanalitseka. Longedzani katundu wawo."

Mlamuyo analowa m'nyumba n'kulongedza m'chikwama chofiirira chovuta zipi, malaya onse atawasita, misozi ikudonthera pakolala. Potuluka ananena motsitsa mawu kuti, "Alamu, bwanji tizisinthana? Sabata ino kwanu, yamawa kuno. Ntchitoyi ndi yolemera munthu mmodzi."

"Yolemera kwa inu," anatero Nankhonya, n'kutseka chitseko cha galimoto.

Kuyambira pamenepo ankalankhulana mwa apo ndi apo. Koma tsiku lililonse lopita ndi mkuluyo kuchipatala, mlamuyo ankaimba foni madzulo kufunsa mmene ayendera. Nankhonya ankamuyankha ngati akuyankha munthu wolakwitsa nambala.

Tsiku lina lachipatala linakwana. Mayi woyandikana naye nyumba, amene ankakhala ndi mkuluyo masana, anauzidwa kuti apume. Kuntchito Nankhonya anali atapempha kuti asabwere. Anawaveka bambo ake jekete laimvi ndi chipewa, ndipo anafika pamzere kusanatenthe.

Dokotala anali mtsikana wa magalasi, msinkhu wa mwana wake woyamba wa Nankhonya. Anawayeza mkuluyo magazi, anawaunika m'maso, kenaka anakokera mpando pafupi.

"Agogo, ndikuuzani zinthu zitatu. Muzisunge, ndikufunsani posachedwa. Kiyi, lalanje, mpando. Tanenani."

"Kiyi, lalanje, mpando," anatero mkuluyo mosavuta. "Mpandowo ndi wa mtengo wanji?"

Dokotala anaseka. "Uliwonse umene mukufuna. Tsopano munditchulire masiku a sabata chobwerera m'mbuyo, kuyambira Lamlungu."

Mkuluyo anatsinzina. "Lamlungu. Loweruka. Lachisanu." Anaima, milomo ikugwedera. "Lachinayi. Aa, koma mwana iwe uli ndi nkhanza."

"Mwakhoza. Nanga zinthu zitatu zija?"

"Ziti?"

Mkuluyo anayang'ana mwana wake, kenaka chipewa chimene chinali pamaondo pawo.

"Ababa, si pompano apa?" anatero Nankhonya. "Kiyi, lalanje, mpando. Zimenezi n'zovuta?"

"Musawakalipire, mayi," anatero dokotala. "Sikuti sanamve. Anamva, ndipo anazigwira. Mu ubongo muli malo ochepa osungirapo zimene munthu akuchita pa nthawi imeneyo. Ndi ochepa ngati chikhatho, pamakwana zinthu zowerengeka basi. Ndipo sizikhalapo zokha. Zimakhalapo chifukwa chidwi chako chili pomwepo, ukuziyang'anira. Ine ndawatembenuza dala ndi masiku a sabata aja. Chidwi chitapita uko, izi zagwa."

"Ndiye ukalamba umenewo."

"Kwa iwo matenda achepetsa malowo, inde. Koma kugwako kumachitikira aliyense. Simunalowepo m'chipinda n'kuima, osadziwa chimene mwadzatenga?"

"Ine ayi." Nankhonya anakweza nkhonya yake. "Zanga zili umu."

Dokotala analiyang'ana dzanjalo mwachidwi. "Ndi nzeru yabwino. Koma chimene chikugwira si chalacho, mayi. Chala chikungokukumbutsani kuti mubwerere kukayang'ana. Tsiku limene mutu udzadzaze ndi chinthu china chachikulu, simudzabwerera. Ndipo choopsa chake n'chakuti zikamagwa sizimveka. Mbale ikagwa mumamva. Izi ayi. Kodi alipo amene mumalandizana naye powasamalira?"

"Ndimakwanitsa ndekha."

"Mumagona mokwanira?"

"Adokotala, wodwala ndi awa."

Mtsikanayo sanaumirire. Analemba mankhwala n'kunena kuti amodzi mwa iwo atha pachipatalapo, akagule m'tauni.

Sitolo ya mankhwala inali pakona, pamene misewu iwiri imakumana, ndipo inali ndi makomo awiri. Khomo lina linkayang'ana kumsewu wochokera kuchipatala. Linalo linkatulukira kusiteji kumene Nankhonya ankakwerera minibasi yopita kuntchito m'mawa uliwonse. Mkati munali mzere wopindika ngati njoka, ndipo bambo ake anali atayamba kukoka mwendo. Kunja kwa khomo loyambalo kunali benchi yasimenti, pafupi ndi mayi wina wogulitsa nthochi.

Anawakhazika pabenchipo, mumthunzi wa khonde. Anatenga dzanja lawo, lokhakhala ngati khungwa, n'kupinda chala chachikulu, monga mmene iwo ankamuchitira kale.

"Ababa, ichi n'chakuti khalani pano. Musachoke mpaka ndibwere. Tanenani."

"Ndikhale pano. Ndisachoke mpaka ubwere."

"Musalankhule ndi munthu, zingagwe."

Mkuluyo anamwetulira, ngati akumva nyimbo imene anaiiwala kalekale. Anaphimba chalacho ndi zala zinazo n'kuika dzanjalo pachifuwa.

Mzere unkayenda pang'onopang'ono. Nankhonya atangofika pakauntala, foni inalira m'chikwama. Anali mtsikana wositasita wa kuntchito, ndipo ankalira.

"A Nankhonya, tafa! Diresi la mkwatibwi uja wa chipinda chapamwamba, loyera lija, lalowa m'makina limodzi ndi nsalu zofiira za pathebulo. Latuluka lapinki! Ukwati ndi mawa. Abwana akuti tonse tichotsedwa ntchito."

"Walilowetsa ndani?"

"Sindikudziwa, ine ndangolipeza. Ndiliike m'makina oumitsira?"

"Usayerekeze! Likauma mtunduwo sudzachokanso. Ukundimva? Liike m'beseni, madzi ozizira, osati otentha."

"Ndithiremo bulitchi?"

"Iwe, uli ndi mutu? Nsalu imeneyo ndi bulitchi ingasungunuke!"

Wogulitsa mankhwala ankamupatsira kapepala ka mapiritsi, akufotokoza za kamwedwe kake. Wa kumbuyo kwake ankang'ung'udza kuti anthu ena amayesa sitolo ndi ofesi yawo. Foni inali kudzanja lamanja. Nankhonya anatambasula lamanzere n'kulandira mankhwalawo, n'kuwaponya m'chikwama. Mtsikana uja anali akufunsabe kuti sopo uti, beseni liti, ndipo chapatali ankamveka mawu a bwana akukalipa. Zala za Nankhonya zinayamba kupindika zokha, mwatsopano. Chachikulu, diresi. Cholozera, sopo wa nsalu zofewa amene anamutsekera m'kabati. Chapakati, kupeza amene wachita zimenezi.

Miyendo yake inkaidziwa sitolo imeneyi. Inamutulutsira khomo la kusiteji. Kondakitala wina amene ankamudziwa anakuwa kuti, "Amayi a kuhotela, malo alipo kutsogolo!" Iye anakwera, foni ikadali kukhutu.

Palibe chimene chinamveka kugwa.

Diresilo analigwirira ntchito ngati namwino pa wodwala. Analiviika, kulitsukuluza, kusintha madzi, kuliviikanso. Sanalole munthu wina kulikhudza. M'chipindamo munkatentha ndi nthunzi, makina akulira, atsikana akuyenda monyang'ama. Pang'onopang'ono pinki uja anayamba kutsika m'madzi, ndipo nsaluyo inabwerera kuyera kwake. Amene analakwitsa anapezeka. Anali mayi wina wachikulire amene anabwera kuntchito atachezera ndi mdzukulu wodwala, ndipo ananena kuti sakukumbukira n'komwe kuti analinyamula liti diresilo.

"Simukukumbukira?" anatero Nankhonya, anthu onse akumva. "Mutu mumausiya kunyumba? Chinthu cha mwini chimene wakusungitsa umachiiwala bwanji?"

Mayiyo anaweramitsa nkhope, akupotokola apuloni.

Bwana anabwera, anaona diresi litapachikidwa, loyera mbee, ndipo anapumira m'mwamba. "Nankhonya, pakanapanda iwe, hotela ino bwenzi titatseka. Ndipo lero si unali pa tchuthi?"

"Ntchito ikaitana timabwera, bwana," anayankha, mtima uli m'malo.

Dzuwa linali litapendeka pamene anakhala pansi koyamba, pampando wa pafupi ndi zenera. Anavula nsapato, anapempha tiyi. Dzanja lake linali lotambasuka pabondo, zonse zitachitika. Mwa chizolowezi anayamba kukonza za madzulo. Anapinda chala chachikulu.

Ababa.

Choyamba sichinali mantha. Chinali kudabwa chabe, ngati munthu amene waponda sitepe imene kulibe. Ababa ali kunyumba ndi mayi a pafupi aja. Ayi, mayi aja apuma lero. Apuma chifukwa lero ndi lachipatala. Kenaka anaona benchi yasimenti, chipewa, ndi dzanja lofumbata pachifuwa. Thupi lonse linazizira, m'chipinda chotentha chomwecho.

Kapu inagwa n'kusweka. Imeneyo ndiye inamveka, ndipo onse anatembenuka.

"A Nankhonya, kwagwanji?"

Anavala nsapato chopondera kumbuyo n'kutuluka akuthamanga.

Mu minibasi anapemphera, koma mawu a pemphero sankagwirana. Ankaona bambo ake pakati pa msewu, magalimoto akuimba mahutala. Ankawaona m'ngalande. Ankadziona yekha akuimbira mchimwene wake. Ndipo pakati pa zonsezi, mawu atatu ankangobwera okha m'mutu mwake, osaitanidwa, athunthu bwinobwino: kiyi, lalanje, mpando. Zimenezo ndiye anasunga.

Anatsika galimoto isanaime bwino. Anadutsa m'sitolo muja, kulowera khomo ili n'kutulukira linalo.

Anali pomwepo.

Mthunzi unali utachoka kalekale n'kupita tsidya lina la msewu. Mkuluyo anali padzuwa, jekete lili m'thupi, thukuta likutsika m'khosi. Milomo yawo inali youma, yotuwa, koma inkagwedera pang'onopang'ono. Buluku lawo linali litanyowa kutsogolo, ndipo pansi pa benchi panali chizindikiro chimene chinali chitayamba kuuma m'mbali. Pabondo pawo panali nthochi yosasenda. Dzanja linali pachifuwa, lofumbata.

"Ndinu mwini wake wa agogowa?" Anali mayi wa nthochi uja, ataimirira, manja m'chiuno. "Ndinu? Mayi wovala bwino chonchi? Ine ndimati mwawataya. Anthu akutaya makolo masiku ano ngati ana amphaka. Ndimadikira kuti ndikaweruka ndipite nawo kupolisi."

"Pepani," anatero Nankhonya. Mawuwo anatuluka aang'ono, osakhala ake.

"Mukupepesa ine? Ine ndatani? Ndawauza kuti agogo, tiyeni mumthunzi, akana. Ndati tiyeni kuchimbudzi, kuseri kuno, akana. Mlonda wa m'sitolomu anafuna kuwanyamula, anatsala pang'ono kumumenya. Madzi ndachita kuwamwetsa ngati khanda, chifukwa dzanjalo safuna kulitambasula. Ukawalankhula sayankha, angoti, ‘Ndikhale pano, ndisachoke mpaka abwere.’ Tsiku lonse nyimbo yake yomweyo. Munali kuti?"

Anthu anali atayamba kuima. Wina wogulitsa zingwe za foni anati, "Mwina anagwidwa ndi ngozi, musawaweruze." Mayi wa nthochi anamuyang'ana Nankhonya kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kufunafuna ngoziyo.

Bodza linali pafupi, lokonzeka. Akanatha kunena kuti anakomoka, kapena kuti anatumiza munthu amene sanafike. Koma pakamwa pamene pankatentha paja panali pouma.

"Ndinaiwala," anatero.

"Munaiwala chiyani?"

"Iwowa."

Mayi wa nthochi anayembekezera ndewu, ndipo sanadziwe chochita ndi yankho limeneli. Anawerama, anatenga nsalu imene ankaphimbira nthochi zake, n'kumupatsa. "Amangeni m'chiuno. Asayende choncho pa anthu."

Nankhonya anagwada patsogolo pa bambo ake. "Ababa. Ndabwera."

Maso awo anatenga kanthawi kuti amupeze. Atamupeza, nkhope yonse inamasuka.

"Wabwera msanga," anatero. "Pamzere panalibe anthu?"

Akanakonda akanamutukwana. Akanakonda akanamumenya ndi chipewa pamaso pa anthu onsewo. Anagwira dzanja lawo kuti alitambasule, koma zala zinali zitauma. Anaziwongola chimodzichimodzi, mkuluyo akutsinzina ndi ululu. Chala chachikulu chinakana. Chinatsala chopindika m'chikhatho, ndipo chikhadabo chinali chitasiya chizindikiro chakuya pakhungu.

"Sindinalankhule ndi munthu," anatero mkuluyo monyadira. "Sizinagwe."

Kunyumba anawatenthetsera madzi n'kuwasambitsa. Khosi lawo linali litapsa ndi dzuwa pamene kolala inathera. Anawadzoza mafuta, anawaveka zoyera, anawapatsa chakudya ndipo anadya ngati munthu wochokera kumunda. Buluku lija analichapa yekha pampopi wa kuseri, akulipikicha mpaka zala kuwawa, ngakhale linali litayera kale.

Atabwerera anawapeza ali pampando wawo wa pakhonde, akuyang'ana chala chawo.

"Chalachi chikundipweteka," anatero. "Ndinachimenya ndi hamala?"

"Simukukumbuka kumene tinali lero, Ababa?"

Anaganiza. "Tinapita kwinakwake?"

Nankhonya anakhala pansi, pasimenti, pafupi ndi mapazi awo. Ndiye kuti nkhani yatha. Mayi wa nthochi samudziwa dzina. Kuntchito akudziwa zoti anathamanga basi, ndipo mawa akhoza kuwauza chilichonse. Mboni yokhayo inali iyi, ndipo tsiku lonse linali litatsetsereka kale m'mutu mwawo ngati madzi pa pulasitiki. Palibe amene akanadziwa. Mawa akanadzuka, kupinda chala chachikulu, n'kukhalanso Nankhonya amene saiwala.

Anatenga dzanja la bambo ake n'kuyamba kusisita chalacho ndi mafuta. Munthu amene m'mawa analephera kusunga mawu atatu kwa kanthawi kochepa anali atasunga chinthu chimodzi tsiku lonse. Anakana mthunzi, anakana nthochi, anakana ngakhale chimbudzi, kuopa kuti akangoyang'ana kumbali chigwa. Iye, wa mutu wabwinobwino, anangotembenuka kamodzi. Ndipo sikuti pa nthawi imene ankachapa diresi ija ankawakonda pang'ono bambo ake. Akanabwera munthu n'kumufunsa kuti asankhe, diresi kapena Ababa, akanaliponya diresilo pamoto. Koma palibe anamufunsa. Iwo sanali m'mutu mwake n'komwe kuti awasankhe.

Anakumbukira mlamu wake ataima pabwalo paja, mwana wa bandeji pachipumi ali kumsana. Anakumbukira mayi wachikulire wa kuntchito akupotokola apuloni. Manyazi anamukwera kuchokera m'mimba mpaka m'makutu, otentha ngati nthunzi ya simbi.

Foni inalira. Sanafunike kuyang'ana kuti adziwe woimba.

"Alamu, mwaswera bwanji?" Mawu a mlamu wake anali osamala monga mwa masiku onse, ngati munthu wolowa m'nyumba ya agalu. "Ndimati ndimve za kuchipatala. Ababa ayenda bwanji?"

"Ayenda bwino."

"Mankhwala apezeka?"

"Apezeka."

"Chabwino. Ndiye ndisakutayitseni nthawi. Muwapatse moni."

Apa ndi pamene foni inkathera nthawi zonse. Nankhonya anayang'ana chala cha bambo ake, chonyezimira ndi mafuta, chikadali chopindika pang'ono.

"Alamu, musadule."

"Ndilipo."

"Tsiku lija la geti. Pamene mwana anagwa. Munamva chilichonse? Ndikutanthauza, mumtima, kuti pali chimene mwasiya?"

Chapatali kunkamveka wailesi ndi ana akukangana.

"Ayi," anatero mlamuyo. "Ndikanamva ndikanabwerera. Ndinangoona magazi pachipumi pa mwana, basi. Za geti ndinazikumbukira nditaona mpando wawo uli wopanda munthu. Bwanji mukufunsa zimenezi lero? Alamu, Ababa ali bwino?"

"Ali bwino. Ali pompano, akuyang'ana nkhuku za aneba. Chipinda chawo chija munaikamo katundu?"

"Ayi. Achimwene anu amafuna kuikamo matayala, ndinakana. Bedi lili momwemo."

"Mawa tikubwera. Ndili ndi mawu, koma si a pafoni. Ndikufuna ndidzawanene pabwalo pomwe paja. Aneba anu aja akafuna kusuzumira, asuzumire."

"Alamu, mukundiopsa."

"Musaope. Wochita manyazi mawa si inu. Ndipo zija munanena, za sabata ino kuno, yamawa uko. Ngati simunasinthe maganizo."

"Sindinasinthe. Koma mubwere ndi mapilo awo. Athu aja amati ndi olimba ngati thabwa."

"Iwowa thabwa amalidziwa," anatero Nankhonya, ndipo onse awiri anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amene sanazolowerane.

Chikwama chofiirira chija chinali pamwamba pa kabati, chitachita fumbi. Anachitsitsa n'kuchipukuta. Anasita malaya okwana sabata imodzi, osati onse, n'kuwapinda monga amapindira a alendo olemekezeka a kuhotela. Anaikamo mabuluku, juzi, malezala, mafuta odzola, ndi mapiritsi aja amene anali akadali m'chikwama chake cha m'manja. Nsalu ya mayi wa nthochi, imene anali ataichapa, anaipinda payokha n'kuiika pamwamba, kuti akaibweze podutsa. Kuntchito kunalinso mayi wachikulire uja wofunika kumuona, koma ameneyo anali wa mkuja.

Zala zake zinayamba kupindika zokha: mapilo, nsalu, galimoto. Anaziyang'ana, n'kuzitambasula. Anapita kukatenga mapilowo nthawi yomweyo n'kuwaika pa chikwamacho.

Zipi inavuta pakona pomwe paja. Anali akulimbana nayo pamene bambo ake anaima pakhomo la chipinda, atagwira felemu.

"Ukupita kuti, mwana wanga?"

"Tikupita tonse, Ababa. Kwa achimwene. Mawa."

"Ndipinde chala?"

"Ayi, Ababa. Chipumitseni."

Anakoka zipiyo mwamphamvu ndipo inatseka. Ananyamula chikwamacho n'kukachiika pakhomo penipeni, pamene munthu sangatuluke osachipunthwa, ndipo pamwamba pake anaikapo chipewa chawo.